Chigafa cha ku Area 47

Area 14, Lilongwe
12 Januwale

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi onse pakhomopo. Mwendo wa Amayi uja ukupeza bwanji? Ine kuno ndili bwino, ndipo ndikulemba ndikusekerera ndekha ngati wopenga, chifukwa ntchito ndaipeza! Ndikanakuimbirani, koma inu mumati mawu a pafoni amapita ndi mphepo, ndiye kalata nayi, ndapatsira a Bonface a minibasi ya ku Mponela.

Ndi sukulu ya pulayiveti ku Area 47. Andipatsa Sitandade 1, ana makumi atatu. Ababa, makumi atatu okha! Aliyense ndi desiki yake, kope lake, botolo lake la madzi. Koma kaphunzitsidwe ndi komwe kuja kwa kwathu: mphunzitsi kutsogolo, ndodo pa bolodi, ana onse kukuwa “a, e, i, o, u” mpaka malata kunjenjemera. Nditawaitana mmodzimmodzi ndinapeza kuti ambiri chilembo chomwe akukuwacho sachizindikira chikakhala chokha papepala.

Ndiye ndinapita kwa a hedi, a Goliati Chimphepo, ndi maganizo anga. Ndikufuna kugawa kalasi m’ngodya zinayi, ngodya iliyonse ndi ntchito yake. Ana azigwira okha m’magulu, akusinthana ngodya, pamene ine ndakhala pa tebulo ndi ana asanu ndi mmodzi okha, kumva aliyense akuwerenga ndi pakamwa pake. A hedi anandiyang’ana pamwamba pa magalasi.

“Madamu, makolo a kuno amabwera pa galimoto zazitali. Salipira fizi kuti ana azidziphunzitsa okha.”

Ndinayankha, mwina mopitirira pang’ono, mumandidziwa. Pomaliza anati, “Chabwino. Teremu ino ndi yokuyesani. Tikamatsekera mu Epulo ndidzaona ngati mutsale, inu ndi ngodya zanuzo.”

Ndikudziwa munkafuna ndidikire mpaka boma lindilembe. Ndadikira zaka ziwiri, digiri ikungodyedwa ndi mphemvu mu sutikesi. Ndatopa nako kudikira.

Ndikugona mobisa kwa mnzanga Esnati, m’kanyumba ka antchito kuseri kwa abwana ake. Ndimatuluka m’mamawa eni nyumba asanadzuke. Za pogonazi tidzakamba pamaso. Shuga kuno wafika K3,500, ndiye paketi imodziyi Amayi aigwire bwino. Nkhuku yanga yamawanga musaiphere alendo, ndipo mlongo wangayo Lexon asiye kukwera njinga yanga.

Ndine mwana wanu,
Efelo


26 Januwale

Okondedwa Ababa,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti fodya wakula bwino ndipo mwayamba kuthyola. Ine ndili bwino, kungoti zala zatupa ndi sizasi.

Loweruka lapitalo ndinazungulira Old Town yonse kupempha makatoni. Mayi wina wa shopu ku Malangalanga, a Nasrin, anandifunsa ngati ndikusamuka. Nditawafotokozera anaseka, nandipatsa makatoni asanu ndi thumba lodzaza zitsekero za mabotolo, osandilipiritsa kanthu. Pobwerera kondakitala ndiye anafuna makatoniwo alipire mpando wawo. Ndinamuuza kuti ndi ana asukulu, sakulipira. Minibasi yonse inafa ndi kuseka.

Ngodya zatha! Yoyamba ndi ya zitsekero: ndalembapo zilembo, mwana amaona chithunzi n’kulumikiza zitsekero kupanga dzina lake. Yachiwiri ndi ya mchenga, malichero atatu, amalemba ndi chala. Yachitatu ndi ya mabuku, pamphasa, timabuku tili pa chingwe ngati zochapa. Yachinayi ndi ya makope: zithunzi zisanu, alembe mawu a chithunzi chilichonse.

Belu sandilola kuimba, akuti lisokoneza sukulu yonse. A Everson, alonda a pageti, bambo a ku Mpingu, ndiwo andipulumutsa. Alumikiza mabotolo awiri kukamwa, athiramo mchenga wosefa. Mchenga ukatsika wonse ndiye kuti nthawi yakwana, mwana wa tsikulo amagwedeza chisekese, magulu n’kusinthana. Anayesa kanayi ndi wotchi yawo mpaka zinakwana mphindi khumi ndi ziwiri.

Tsiku loyamba, Ababa, mukanaona! Chisekese chitalira onse anathamangira ku mchenga. Mnyamata wina wotchedwa Mikaili anasandutsa zitsekero zanga kukhala timu ya mpira, A ndi E akumenyana ndi M ndi N. Kamtsikana kena kofatsa, Tausi, kanangokhala pamphasa katapinda manja mpaka nthawi kutha. Nditafunsa kanati, “Simunandiuze kuti nditsegule buku, Madamu.” Ndinaseka mpaka misozi. Koma pofika Lachisanu anali akuzungulira bwinobwino ngati ng’ombe zodziwa khola lake.

Ndikukuuzani, ikafika Epulo sukulu yonse idzakhala ikutengera kwa ine.

Malipiro akatuluka nditumiza pa foni ya Lexon kangachepe kogulira Amayi mankhwala opaka. Muonetsetse kuti kafika konse.

Mwana wanu,
Efelo


16 Febuluwale

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine thupi lili bwino. Pepani ndachedwa kulemba.

Pali kanthu kamene ku yunivesite sanatiuze. Mwana wa kuno ntchito yake siitha mpaka bolopeni yofiira itadutsapo. Ndikangokhala pansi ndi gulu langa, tisanamalize mzere woyamba, wina wafika kale, wagwada, kope m’manja awiri: “Madamu, ndichongereni.” Kumbuyo kwake wina. Kumbuyo kwa ameneyo wina wanyamula lichero lonse la mchenga kuti ndichonge m’mchengamo! Mzere umafika pakhomo ngati wa pachigayo. Ngodya zimatsala zopanda munthu, ndipo ana anga apatebulo amangoyang’ana kudenga.

Ndinakwiya. Ndinatenga bolopeni ija n’kuitsekera mu dilowa onse akuona. Ndinati za m’ngodya sizichongedwa, aliyense azigwira ntchito chifukwa ndi yake. Mzere unathadi. Ndinkadziona ngati ndapambana.

Masabata awiri makope akhala akupita kunyumba opanda chofiira ngakhale kadontho. Lachitatu kunabwera mayi ake a Tausi, atavala za ku ofesi ku City Centre, makiyi a galimoto ali m’manja. Sanakhale n’pansi pomwe.

“Aphunzitsi ndinu? Kope ili mwaliona liti? Ine ndimadzuka folo koloko kuti mwanayu aphunzire pano, inu mukumusewezetsa zitsekero za Fanta?”

Ndinayamba kufotokoza za kafukufuku wa akatswiri. Anatsegula kope patsogolo panga. Tausi wakhala akulemba mawu olakwika omwewo masiku asanu ndi atatu, tsiku ndi tsiku, mwaukhondo, popanda womuuza.

A hedi anandiitana ku ofesi. Zimene ananena sindilemba. Makolo ena atatu aimbanso foni.

Musadandaule, si nkhani yaikulu. Amayi musawauze.

Efelo


25 Febuluwale

Ababa,

Moni. Ndili bwino ndithu.

Lolemba likubwerali ndi holide ya pa 3 Malichi, ndiye ndibwera Loweruka ndi a Bonface. Musavutike kundichingamira, ndilibe katundu.

Bolopeni ndaitulutsa mu dilowa. Mzere wabwerera. A hedi akuti madesiki akhoza kubwerera m’mizere tsiku lililonse ndikafuna, palibe amene adzandiseke. A Thoko a Sitandade 2 amandiseka kale, akuti kalasi langa ndi msika wa Tsoka.

Kodi fomu yofunsira ntchito ya boma ija munaisunga pati? Ndikungofunsa.

Efelo


9 Malichi

Okondedwa Ababa,

Ndinafika bwino, ngakhale tinaima ola lathunthu pa Lumbadzi kudikira mafuta. Nsinjiro ndi maungu Esnati akuthokoza kwambiri. Mwendo wa Amayi ndinauona ndekha, asanamizire kuchira, apite kuchipatala.

Ndili ndi mawu amene ndinalephera kunena pamaso panu, ndiye ndiwalembe.

Masiku awiri aja simunandifunse chilichonse cha sukulu. Munangoti, “Ukakhala m’nyumba udwala, tiye ku chigafa.” Ndinapita monyinyirika. Mukukumbukira zimene ndinanena chaka chija nditabwera ndi digiri, kuti sindinapite ku yunivesite kuti ndizinunkha fodya? Ine sindinaiwale.

Ndinakhala pa mpando uja ndikuonerera. Anthu asanu ndi awiri akusankha fodya, azakhali, alamu anu, ndi aganyu aja. Inu muli pakona mukumanga ndindi, timitolo ta masamba osankha kale tija, msana mwawapatsa. Kuyambira m’mawa mpaka dzuwa pamutu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kwa inu ndi tsamba kudzafunsa kuti ili lipite mulu uti. Ndinaganiza za mzere wanga wa pachigayo, mtima unandiwawa. Ndi pamene ndinakufunsani, inu n’kuloza masamba aja mumapachika pa nsanamira, lililonse pa kachingwe kake, lofiirira apa, lowala apo, long’ambika uko.

“Andifunse chiyani? Tsamba lapachikidwa apolo ndi ine amene. Wokayika apite nalo lake akaliyandikize kwa linzake, aona yekha.”

Ndiye ndinati, nanga wina akamangoponya mwaulesi? Munadzuka n’kupisa dzanja pakati pa mulu wa alamu, n’kusolola ndindi imodzi. “Pamwamba aliyense amaika zabwino. Umasolola pakati, ndipo asadziwe kuti lero usolola pa yani. Ukati uyang’ane tsamba lililonse wekha, okushoni idzatseka uli pa mulu woyamba.”

Ababa, masamba amenewo ndakhala ndikuwaona chibadwire. Ndinadutsa pansi pake zaka makumi awiri mphuno nditatseka.

Chingwe chanu chosokera fodya chija chasowa, musamunamizire Lexon, ndinaba ndine. Pa ngodya iliyonse tsopano pakulendewera makhadi a chitsanzo, nkhope yake yayang’ana kukhoma. Mwana akamaliza amapita ndi ntchito yake, atembenuza khadi, ayandikiza, aona yekha. Zikafanana adzichongera ndi kirayoni yobiriwira, zikasiyana abwerera kukakonza. Ine pomaliza ndimasolola makope asanu ndi limodzi pakati pa mulu, amenewo ndiwo amalawa chofiira. Pofika Lachisanu kope lililonse ladutsa m’manja mwanga, ndipo limapita kunyumba ndi zobiriwira za mwana ndi zofiira zanga.

Tayamba Lachitatu. Sindinena zambiri, ndaphunzira kusathamanga pakamwa. Pang’ono.

Fomu ya boma ija musaifunefune kaye.

Mwana wanu wakuba chingwe,
Efelo


23 Malichi

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu, kwa Amayi ndi onse a m’chigafa. Ndamva kuti Amayi anapitadi kuchipatala, zikomo powakakamiza. Ine ndili bwino kwambiri, ndanenepa ndi chimwemwe.

Zikuyenda! Lachinayi ndinawerenga ndi gulu langa mchenga wonse mpaka kutsika popanda munthu kundigwira phewa. Chisekese chitalira ndinadzidzimuka ndine. Ndinakweza maso, ana onse ali mitu pansi, ena akunong’onezana, wina waima pa chingwe akuyerekeza khadi ndi kope, lilime lili panja. Ndinafuna kuimba nthungululu m’kalasi.

Alamu anu oponya mwaulesi aja ndawapezanso kuno m’kalasi, dzina lawo ndi Mikaili. Iye anaona kuti chokoma pa zonsezi ndi kirayoni yobiriwira. Masiku atatu ankangochonga tsamba lonse, mizere yokongola, osalemba kanthu. Kope lake ankalilowetsa pakati penipeni pa mulu poganiza kuti ndimatenga apamwamba. Nditalisolola anatong’ola maso.

“Madamu, mwadziwa bwanji?”

Ndinati bambo anga anandiphunzitsa. Tsopano kalasi lonse likukhulupirira kuti inu mumaona zobisika. Akufunsa ngati ndinu apolisi.

Ena ankayamba kusuzumira khadi asanalembe. Ndawaika awiriawiri, khadi amatembenuza ndi mnzako ukamuonetsa kuti wamaliza. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi ndi okhwima pa malamulo kuposa a hedi.

Tausi ndiye nkhani. Uja ankadikira kuuzidwa kuti atsegule buku. Dzana anawerenga kabuku konse ka mbuzi yolowa m’tchalitchi, masamba asanu ndi atatu, chala chili pa mawu, osati poloweza. Atamaliza anandiyang’ana ngati wachita mlandu. Ndinamunyamula m’mwamba, siketi yanga yonse choko.

A hedi masiku ano apeza ntchito yoyendera mipope ya madzi a mvula, ndipo mpope wovuta uli pa windo langa basi. A Everson akuti mpopewo ulibe vuto lililonse. Lachisanu anandiimitsa pakhonde.

“Madamu, pa 2 Epulo ndidzakhala m’kalasi mwanu. Mayi a Tausi apempha kudzakhalapo. Tikatuluka mmenemo ndidzakuuzani za teremu ya mawa.”

Ndinati takulandirani.

Abwana a Esnati anandipeza pa mpope m’mawa wina. Tinalankhulana, akuti ndipeze kwina kogona. Ndikufunafuna kachipinda ku Mtandire, koma zonse zidikire pa 2. Mundipempherere, ndipo Amayi auze amayi a chigwirizano.

Mwana wanu,
Efelo


6 Epulo

Okondedwa Ababa,

Moni, moni, moni nonse! Kalata iyi muwerengere m’chigafa mokweza, azakhali ndi alamu amve nawo.

Lachitatu anabweradi, a hedi ndi jekete lawo, mayi a Tausi ndi makiyi awo. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndifotokoze. Ndisanatsegule pakamwa a hedi anati, “Madamu, inu mumati ana awa amagwira okha.” Ndinati inde. “Ndiye tulukani. Gulu lanu lapatebulo lipite ku mabuku. Tikuitanani.”

Ababa, ananditulutsa m’kalasi mwanga! Ndinakaima pageti ndi a Everson. Anandipatsa mpando wawo, ndinakana. Anandipatsa chinangwa, ndinakana. Ndinangotchera khutu kudikira phokoso. Kunali zii. Kenaka chisekese, mapazi, mipando kukhwekhwereza, ziinso. A Everson anayang’ana wotchi nati, “Khumi ndi ziwiri ndendende. Botolo langa limenelo.” Chinaliranso kachiwiri. Kachitatu ndinamva kuseka kwa munthu wamkulu, ndipo sindinadziwe ngati ndi kwabwino kapena koipa.

Zimene zinachitika mkatimo anandiuza ndi mayi a Tausi eni ake, akupukuta misozi ya kuseka. Akuti a hedi anakhala pa mpando wanga, bolopeni yofiira ili m’manja, kudikira mzere. Palibe anabwera. Anakhosomola. Palibe. Dzanja linawayabwa, paja achonga makope zaka makumi atatu. Anakodola Tausi, natenga kope lake, nalichonga chofiira chachikulu kuyambira pansi mpaka pamwamba, “Very good.” Mwana anagwada, nalandira ndi manja awiri, koma m’malo mokhala pansi anapita pa chingwe. Mnzake anamutembenuzira khadi. Anayang’ana khadi, nayang’ana kope. Kenaka anabwerera, nagwadanso.

“A hedi, mwachonga msanga. Zithunzi ndi zisanu, ine ndalemba zinayi. Ndadumpha ngolo.”

Anapita kukalemba ngolo yake, nadzichongera chobiriwira pambali pa chofiira cha a hedi.

Atandiitana ndinapeza a Goliati ataima pa ngodya ya makope, chingwe chili m’manja, akuchipotokola ndi zala. Anachinunkhiza.

“Madamu, izi si za ku yunivesite. Bambo anu amalima fodya?”

Ndinati inde, ku Mponela.

“Ine ndinakulira pa esiteti ku Kasungu. Bambo anga anali tenanti. Ndinayamba kusankha fodya ndisanayambe sukulu.” Anasiya chingwe. “Mukanangonena poyamba kuti mukumanga chigafa, bwenzi nditamva tsiku lomwelo. Inu munabwera ndi akatswiri.”

Ndatsala, Ababa! Ine ndi ngodya zanga. Andilemba chaka chathunthu. Mayi a Tausi akuti ku ofesi kwawo amataya mapepala olimba ambiri, azindibweretsera a makhadi. A Thoko aja a msika wa Tsoka anabwera madzulo ake kudzafunsa, mwakachetechete, kuti mabotolo a mchenga amalumikiza bwanji. Ndinawatumiza kwa a Everson, amene tsopano akuyenda ngati injiniya.

Teremu ya mawa ndikufuna Sitandade 2 iyambe, kenaka 3. Ndipo holide ino ndikabwera ndikaonane ndi a hedi a sukulu ya kwathu. Ana zana limodzi ndi makumi anayi ndi ambiri, ndikudziwa, koma zitsekero zili pa golosale iliyonse ndipo mchenga ndi wa mumtsinje. Mukuti ndathamanganso? Mwina. Mudzandisolole pakati.

Kachipinda ndapeza, ndilowa pa 1 Meyi. Ndatumiza nsalu ya Amayi ndi sopo. Nkhuku ija tsopano mukhoza kuipha, koma mudikire ine.

Chomaliza. Mukamabwera ndi mabelo ku Kanengo, sukulu idzakhala itatsegulira. Mutsike pa Area 47, a Everson akudziwa kale za inu. Mubweretse chingwe china, changa chatha. Mikaili akufuna aone munthu woona zobisika, ndipo a hedi akuti ali ndi mafunso a mitengo ya chaka chino. Musavutike kukabwereka jekete kwa alamu. Mubwere ndi malaya omwewo a m’chigafa, ndi fungo lake lomwe. Ndikufuna ana adziwe kumene kalasi lawo linachokera.

Ndine mwana wanu,
Efelo
mphunzitsi wa Sitandade 1